Chitseko cha Manang Doring

Manong Takyo anabwera kudzameta tsitsi lomwe analibe. Kwathu kuno bambo wamkulu timamuitana Manong, mayi wamkulu Manang. Mutu wawo unaleka kubala kalekale, koma anakhala pampando wanga, n'kudzikulunga okha nsalu m'khosi, nkhope ili ndwii pagalasi.

"Meta," anatero.

"Ndimete chiyani, Sajeni? Nsidze?"

"Meta chilichonse chimene wachipeza. Mkazi wanga Doring wakana chitseko."

Lumo linatsala pang'ono kundipulumuka m'manja.

Ine ndine Pulong, wometa anthu pamsika, kuseri kwa amayi ogulitsa nsomba zouma. Zimenezo ndi za pakati pa sabata. Loweruka ndi Lamlungu ndimakhala kopolo m'gulu la makomando osungidwa, aja boma limatiitana zinthu zikathina. Asilikali a kubalaki amatitcha makomando a Loweruka, amati chida chathu chachikulu ndi mimbazi. Asiyeni alankhule, pakamwa ndi pawo. Chimphepo chikasasula madenga, kapena phiri likatsetserekera pamudzi, oyamba kufika ndi zingwe paphewa ndife, chifukwa timakhala pomwepo, ndipo okwiriridwawo amakhala azakhali athu.

Gulu lathu linabadwira mumtsinje. Pa nkhondo ya Ajapani, asodzi ndi alimi a mpunga ochepa anabisala m'mapiri ndi mfuti zotola. Tsiku lina akuthawa, wophika wawo analephera kuyenda. Ena amati anawomberedwa mwendo, ena amati anangokhuta uchema. Akuluakulu amene anapuma ntchito amakanganabe nkhaniyi, ndipo chaka china anatosana ndi ndodo zawo zoyendera. Chimene onse amagwirizana n'chakuti anzakewo sanamusiye. Anazula chitseko cha nyumba ina, n'kumugoneka pomwepo, n'kuwoloka naye mtsinje madzi ali m'khosi.

Kuyambira pamenepo komando sachoka m'gulu ndi miyendo yake. Zaka zake zopumira ntchito zikakwana, timapita kunyumba kwake dzuwa likuswa mtengo, timaba chitseko chakumaso, chija wakhala akutulukirapo atavala yunifolomu, timamukweza pomwepo n'kumuwolotsa mtsinje dzuwa lisanalowe. Mkazi wake amaloledwa kuteteza nyumba ndi chilichonse cha m'khitchini. Akazi ambiri amangotiwaza madzi otsukira mpunga, kutikuwiza pang'ono, kenako n'kutilondola kumtsinje atasenza miphika. Munthu amene wachoka osanyamulidwa timamutcha wapansi. M'mbiri yathu yonse wapansi ndi mmodzi yekha, uja anagulitsa nsapato za gulu, ndipo dzina lake sitilitchula ngakhale titaledzera.

Ndiye tangoganizani. Manong Takyo, sajeni amene anatiphunzitsa tonsefe kutsika phompho ndi chingwe, munthu amene phewa lake lakumanzere linachita kutsika chifukwa chosenza zitseko za anzake, akhale wapansi wachiwiri?

"Akana bwanji?" ndinafunsa. "Munawapempha?"

"Kupempha? Iwe wakhala komando zaka zingati? Chitseko sapempha, amaba. Ndinangomuuza kuti Loweruka kubwera alendo. Ndiye akuti, 'Muwauze alendo anuwo kuti amene akhudze chitseko changa, mpunga azidyera m'mphuno.'"

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Pulong," anatero motsitsa mawu, "ndikachoka wapansi, tauni ino ndisamuka."

Bambo ameneyu pakati pa sabata amayendetsa chigayo cha mpunga, ndipo mawu ake anazolowera kulimbana ndi injini. Ndinali ndisanamumvepo akulankhula motsitsa. Mtima unandipweteka, ndipo ndinawameta nsidze imodzi mopitirira pang'ono.

Mkulu wa gulu lathu ndi Kaputeni Gellada, dokotala wa mano. Upo tinakapangira kuchipatala kwawo, iwo ali mkati mokumba dzino la munthu. Ndinapita ndi Ambo, kalipentala wathu, chimunthu chimene chimalowa pakhomo cham'mbali. Kaputeni anayala zida zawo pathebulo ngati mapu.

"Chozulira ichi ndi chitseko," anatero. "Thonje ili ndi ife. Tidzera m'munda wa mpunga kuseri, chokwawa. Ambo, iwe ndi mahinjesi. Pulong, iwe uli ndi pakamwa, ukatchinga mayiyo ndi nkhani."

"Nanga akatulutsa mtondo?" anafunsa Ambo.

"Mtondo ndi wa m'khitchini, mwambo umalola. Uzinde."

Wodwala uja, kukamwa kuli yasa, ankangoyankhira kuti "aa, aa," maso akuyenda uku ndi uku. Kaputeni anamusisita paphewa namuuza kuti alimbe mtima. Tonsefe, makomando atatu ophunzitsidwa kusunga chinsinsi, palibe amene anakumbukira kuti munthuyo anali mlamu wawo wa Manang Doring.

Loweruka linafika. Manong Takyo, monga mwa mwambo, anatsogola kukadikira kumtsinje. Ife tinadzipaka makala kumaso, kusomeka masamba a kokonati m'zipewa, n'kulowa m'munda wa mpunga chokwawa. Msewu unalipo, wabwinobwino, ndipo anthu ankayenda mu msewumo pambali pathu akutiwonerera, ena akudya chimanga chowotcha. Mayi wina anandiitana kuti, "Pulong, Lolemba utsegula? Mwana wanga tsitsi lakula!" Ndinangomugwedezera mutu m'matope momwemo. Njati yolimira ya mwini munda inayamba kutitsata pambuyo, n'kumanunkhiza matako a Ambo. Ambo anayamba kuseka, phwete linafalikira mzere wonse, ndipo Kaputeni ankatilamula kuti tikhale chete iwonso misozi ya phwete ikuyenderera pamakala. Sindinama, palibe tsiku limene ndimakondwa nalo kuposa tsiku lakuba chitseko. Amuna aakuluakulu, ena azidzukulu, timasanduka ana othawa sukulu.

Titatulukira pabwalo tinapeza mpanda wonse uli nyomi ndi anthu. Manang Doring anali atakhala pakhonde, lichero pamiyendo, akusankha timiyala mumpunga. Ndi mayi wamng'ono thupi, wa kwaya ya ku tchalitchi, koma mikono yake ndi ya munthu wosenza madengu a nsomba moyo wake wonse. Pambali pawo panali ndowa.

"Manang!" ndinafuula, ndikuyamba ntchito yanga. "Mwaswera bwanji? Tsitsi lanu lero lawala bwanji!"

"Ndaswera, Pulong. Iwe ndiye wakongola zedi. Makalawo uzidzola tsiku ndi tsiku."

Anadzuka, kunyamula ndowa, n'kuikhuthula yonse kumaso kwa Kaputeni Gellada. Anali madzi otsukira matumbo a nsomba, ogonera. Khamu linakuwa. Kaputeni anaima chilili, kathumbo kali lende pakhutu, koma anafuulabe kuti, "Patsogolo!" Ife tinadikira mtondo, tinadikira chiwaya chamoto. Ayi ndithu. Mayi uja anakhalanso pansi n'kupitiriza kusankha mpunga wake.

Ambo anafika pachitseko, ndipo ndisanaphethire n'komwe anali atachizula.

"Zomangira zake n'zofewa bwanji," anandinong'oneza. "Ndiponso n'chopepuka. Penti yake ikumata m'manja."

"Ndiye ukufuna cholemera? Thamanga!"

Kukondwa kumatseka maso. Tinachinyamula pamwamba pa mitu, chobiriwira, chonyezimira, n'kuliyatsa liwiro kudutsa pamsika tikuimba nyimbo ya gulu, ija ya wophika amene anafunsa ali pakati pa mtsinje ngati anzake atenga mchere. Agalu anatithamangira, njinga zamoto zinatiimbira mahutala, ndipo ine ndinataya nsapato imodzi osaimva.

Kumtsinje zonse zinali zokonzeka. Masamba a nthochi anali atayalidwa mzere wautali pamathebulo, mpunga uli phiri, nsomba zowotcha, mazira amchere, ndi nkhumba yathunthu yofiira pakati, kudikira kuti tikamaliza tidye tonse choimirira ndi manja, kaputeni ndi wophunzira mbale imodzi. Bandi ya kusukulu inali pomwepo ndi malipenga ake. Akuluakulu opuma anakhala pamipando pansi pa mtengo, aliyense ndi ndodo yake. Pakati pa onsewo panaima Manong Takyo, yunifolomu yositidwa, mimba atakokera mkati mpaka nkhope kufiira.

Tinaika chitseko pamchenga patsogolo pawo. Malipenga analira. Iwo anamwetulira kumwetulira kumene sindidzakuiwala, ngati mwana amene wapatsidwa nsapato zatsopano. Anawerama kuti akhalepo. Kenako anaima. Anachitembenuza, n'kuyang'ana kuseri kwake kumene kunalibe penti.

"Msomali uwu," anatero, akuloza. "Msomali uwu ndinakhoma ndine."

"Eya, Sajeni, chitseko n'chanu," anatero Ambo.

"Wokolekapo mapepala. Ichi n'chitseko cha kuchimbudzi."

Mtsinje wonse unaphulika ndi phwete. Wa lipenga lalikulu anasekera m'lipenga momwemo, likutulutsa mawu amene anawonjezera moto. Nkhalamba ina inagwa chagada ndi mpando wake womwe, miyendo m'mwamba, ikusekabe. Ine ndinakhala pansi pamchenga nditagwira nthiti. Mayi uja anauzidwa zonse ndi mlamu wake wa dzino, anachotsa chitseko chenicheni, n'kupachika cha kuchimbudzi atachipaka penti, ndipo makomando ophunzira bwino anachikwawira m'matope ndi kuchiimbira nyimbo tauni yonse ikuona.

"Sajeni," anatero Kaputeni, akupukuta misozi, fungo la nsomba likadali gu, "chitseko ndi chitseko. Apanso munatulukirapo kambirimbiri, mwinanso mutavala yunifolomu."

Phwete linayambiranso. Koma ine ndinali nditawayang'ana Manong Takyo kumaso, ndipo langa linathera pomwepo. Mimba ija anali ataisiya. Manja anali lende.

"Sindikwera," anatero. "Anzanga onse ndinawanyamula pazitseko zawo zenizeni. Ngati zatero, ndichoka wapansi."

Anakhala pamwala n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato, kuti awoloke mtsinje ndi miyendo yawo. Dzuwa linali litapendeka kale. Nkhalamba ija inali itadzutsidwa, ndipo inakweza ndodo kuloza dzuwalo. Tonse tinamva.

Ine mtima wanga ndi wapachala, onse amadziwa. Ndinamukoka Ambo, tinanyamula chitseko chochititsa manyazicho, ulendo kubwerera. Njira yonse ndinkakonza mawu. Nthabwala ndimazikonda, koma kunyazitsa bambo wamkulu pa tsiku lake lomaliza? Ndinati lero mayi ameneyu amva.

Nyumba tinaipeza ili pululu, pakhomo pali yasa. Manang Doring anali kuseri, pansi pa mtengo wa mango. Chitseko chenicheni, chakuda, chochindikala, cha mtengo wolemera, anali atachigoneka pamabenchi awiri, atayanikapo tinsomba mbali imodzi, ndipo mbali inayo anakhalapo okha, miyendo ikulendewera.

"Manang, zimene mwachitazi..."

"Kasambeni kumaso kaye. Pakhomo panga sindilankhula ndi ziwanda."

Tinasamba pachitsime ngati ana. Mawu anga ena anapita ndi madziwo, koma otsalawo ndinawakhuthula. Ndinati bambo uja akumasula nsapato, ndinati akhala wapansi ngati wakuba uja, ndinati tauni yonse yamuseka, ndinati mwambo ndi mwambo. Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Wamaliza? Chimphepo chija chinagwetsa belu la tchalitchi, iwe unali kuti?"

"Kumlatho, Manang. Tinkawolotsa anthu."

"Ndi Takyo wanuyo. Ndinakuonani m'nyuzipepala, madzi ali m'chifuwa, mutabereka agogo a eni ake. Munaoneka bwino. Ine ndinali m'nyumbamo, msana uli pachitseko ichi, mapazi nditaponda mwendo wa kabati, ana ali pansi pa thebulo. Mphepo ikukankha uko, ine ndikukankha kuno. Taika chala apa."

Ndinaika chala. Panali mng'alu wautali, wothiridwa ulimbo.

"Chigumukire cha ku phiri, Takyo anachoka n'kusiya mwana akutentha thupi. Chaka cha madzi osefukira, anachoka ine ndili ndi pakati potopa. Usandimve molakwa, Pulong, sindikudandaula kuti ankapita. Akanati azengereze, ndikanamukankha ndine. Koma iyeyo pachitseko ichi ntchito yake inali kutuluka. Wotsala akuchigwira anali ndani? Lero mubwere ndi makala kumaso, muchizule ngati dzino lowola, ine ndikuwazeni timadzi ndikuseka ke-ke-ke, kenako ndikulondoleni ndi mphika pamutu?"

Ndinachita manyazi osaneneka. Ambo ankangoyang'ana zala zake zapenti. Zaka zonsezi takhala tikuzula zitseko m'tauni muno, sindinadzifunsepo kuti akazi aja akamatiwaza madzi amakhala akuganiza chiyani.

"Ndiye tikupempha, Manang," ndinatero. Ambo anatulutsa maso, chifukwa komando anali asanatchulepo mawu amenewo pa nkhani ya chitseko.

"Iwe ukupempha ngati ndani? Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Apemphe mwini wake."

"Sangabwere kuno. Mwambo sulola kuti achoke kumtsinje."

"Ndiye munditengere komweko. Ine pano sinditsika."

Anasesera tinsomba tija m'dengu, kutenga ambulera yawo yamaluwamaluwa, kuitambasula, n'kukhala bwinobwino pakati pa chitseko, miyendo atapinda. Apo n'kuti Kaputeni ndi anyamata ena atatilondola, ali pampanda kusuzumira. Tinayang'anana. Kaputeni anayang'ana dzuwa, anayang'ana mayiyo, n'kunena kuti, "Nyamulani."

Kulemera kwake! Chitseko chenicheni chinatikumbutsa kuti tili ndi misana. Koma titangochikweza paphewa, chisangalalo chija chinabwerera, chinabwereranso kawiri. Tinadutsa pamsika kachitatu tsiku limenelo, ndipo ulendo uno anthu anasiya malonda awo. Manang Doring anali pamwamba ngati chifanizo cha woyera pa tsiku la ligubo, ambulera m'mwamba, akutilamula.

"Kumanzere mwatsika! Ambo, iwe ndi njati yanji yoyenda chopendeka? A dokotala, kwezani, si dzino ili!"

"Tamva, Manang!" tinkayankha tonse pamodzi, kuposa mmene timayankhira Kaputeni.

Amayi a nsomba zouma anayamba kululutira, n'kutitsata, ena atanyamula madengu awo omwe. Akazi a akuluakulu opuma aja, amene zitseko zawo tinaba zaka zapitazo, anatuluka m'nyumba zawo akuwomba m'manja. Mmodzi anafuula kuti, "Doring, usatsike! Changa anabweza chopanda loko!" Pofika kumtsinje tinali ndi theka la tauni pambuyo.

Bandi sinadziwe choti iimbe. Akuluakulu anayamba kung'ung'udza pansi pa mtengo wawo, kuti mkazi pachitseko sizinachitikepo, kuti iyeyu sanavalepo chipewa, kuti dziko latha. Tinatsitsa chitseko pamchenga, Manang ali pomwepo. Manong Takyo anaimirira, nsapato imodzi kuphazi, inayo m'manja.

"Ndamva kuti mukufuna kanthu kanga," anatero Manang Doring.

Bambo uja anaunguzaunguza. Anayang'ana akuluakulu, anayang'ana ife, anayang'ana nkhumba yowotcha, ngati ingamuthandize. Ine ndinkapemphera chamumtima, chifukwa dzuwa linali litakhudza nsonga za mitengo ya kokonati ya tsidya lija.

"Doring... chitsekocho..."

"Chatani?"

"Ndibwereke."

"Sindinamve. Chigayo chanu chija chinandigonthetsa m'kutu."

Manong Takyo anaponya nsapato pansi, anaima njo, anakoka mpweya, n'kutulutsa mawu aja amatidzutsa nawo kumaphunziro, akutchula dzina lonse la mkazi wawo.

"Mayi Teodora Sumagaysay! Ndikupempha chitseko chanu! Chonde!"

Mbalame zinabalalika mumtengo. Anthu anafuna kuseka, koma iwo anali asanamalize. Anatsitsa mawu, ndipo tinamva ochepa okha amene tinali pafupi.

"N'chako, Doring. Ndakhala ndikudziwa kuti n'chako. Mng'aluwo ndinamata ndine, ndipo sindinakufunse kuti unabwera bwanji, chifukwa ndinkaopa yankho lake."

Manang Doring anawayang'ana kumaso. Kenako anasendera mbali imodzi n'kumenya thabwa ndi chikhatho.

"Kwerani. Malo alipo. Koma ine sinditsika."

Maso onse anapita kwa akuluakulu. Nkhalamba ija inagwa ndi mpando ndiyo inali yakale kuposa onse, ndipo inadzuka pang'onopang'ono itatsamira ndodo.

"Ndakumbukira tsopano," inatero. "Chitseko choyamba chija chinali cha mayi wamasiye. Anakana kuchisiya, ndipo anawoloka nacho limodzi ndi wophika uja."

"Bodza!" anakuwa mnzake. "Iwe unali usanabadwe!"

"Nanga iwe unalipo?"

Ndodo zinayamba kukwera m'mwamba, ndipo Kaputeni, munthu wanzeru, sanadikire kuti mbiri igamulidwe. Anafuula kuti tinyamule. Malipenga analira, ng'oma inagunda, ndipo tinalowa m'madzi tili ndi anthu awiri ndi ambulera paphewa, Sajeni akadali ndi nsapato imodzi.

Ine ndine wamfupi. Mulungu anandipatsa pakamwa n'kundimana miyendo. Anzanga madzi ali m'chiuno, ine anali m'chifuwa, ndipo iwo atafika m'chifuwa ine ndinali nditayamba kumwa mtsinje. Ambo anaterereka pamwala, chitseko chinapendeka, Manang anamugogoda ndi ambulera pamutu, khamu kumtunda linakuwa, ife tinafa ndi phwete. Nyimbo ya wophika tinkaiimba theka ndi pakamwa theka ndi thovu. Kaputeni ankafuula kuti dzenje lili kumanja, ndipo analipeza okha ndi mwendo wawo.

Poti mutu wanga unali m'munsi mwenimweni mwa thabwa, ndinamva zimene enawo sanamve. Manong Takyo anali atagwira m'mphepete mwa chitseko pafupi ndi khutu langa.

"Doring," anatero, "Loweruka likubwerali ndidzatani?"

"Iwe Takyo, ukulira?"

"Ndi madzi a mumtsinje."

"Madzi akwera bwanji mpaka kuno? Udzakhala mkati, basi. Mphepo ikadzabwera udzaikepo msana wako, wanga watopa."

Tinatulukira tsidya lija dzuwa likadali lofiira pamwamba pa minda. Tinatsitsa chitseko pa udzu, n'kugwa pansi tonse, tikutsokomola ndi kuseka. Kutsidya kumene tinachokera malipenga ankalira mosokonekera, amayi akululutira, akuluakulu akutosanabe.

Chotsala chinali chimodzi. Wonyamulidwa akatsika, amavula chipewa chake cha ukomando n'kuchipereka kwa kaputeni, ndipo pamenepo ndiye kuti watha. Tinaima pamzere, madzi akuchucha. Kaputeni Gellada anatambasula dzanja. Manong Takyo anavula chipewa, anachigwira ndi manja awiri, koma manjawo sanapite patsogolo. Ankangochitembenuza, kuchisisita ndi chala pamene panatha ubweya. Palibe amene anaseka. Kaputeni sanabweze dzanja, ndipo ife tinayang'ana pansi.

Manang Doring anapinda ambulera yawo. Anafika pafupi, n'kumasula zala za mwamuna wawo chimodzichimodzi, mofatsa, ngati mmene amamulandira mwana mpeni. Anachifinya chipewacho madzi, anachikung'untha, n'kuchiika m'dzanja la Kaputeni.

"Chanu ndi ichi, a dokotala," anatero. "Uyu ndatenga ine."